Makala a Atate ndi Botolo la Gasi

Atate ankafika Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse, dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Tisanawaone tinkayamba tamva njinga yawo, chifukwa inali ndi kulira kwakekwake kumene ngakhale galu wathu ankakudziwa. Pakaliyala pankakhala thumba limodzi la makala, amene kuno kwathu timati malasha, lomangidwa mutu ndi timitengo ndi luzi mpaka kutalika kuposa iwo eni. Ankachoka nalo ku Bundabunda kumene ndinabadwira, n'kudutsa pa Chongwe, kenako n'kutsata msewu waukulu mpaka pa Silverest pamene ine ndi amuna anga tinamanga. Masiku amenewo, m'zaka za m'ma 1990, nyumba kumeneko zinali zowerengeka ndipo munthu akamabwera ankaonekera patali.

Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Amuna anga ankagwira ntchito muofesi ina ku Lusaka, kupita ndi kubwera pa minibasi tsiku lililonse. Mwezi ukatha ankabwera ndi nyama, nthawi zina ya mbuzi, nthawi zina nthiti za ng'ombe, ndipo Loweruka limenelo linali lowotcha nyama pabwalo. Mbaula yathu inali yaikulu, yodulidwa ku mgolo wachitsulo, ndi waya woluka pamwamba pake. Sinali yokongola. Mwendo wake umodzi unali waufupi moti tinkautsamiritsa panjerwa.

Kwathu mpongozi ndi mkamwini sakhalira limodzi chisawawa. Sadyera mbale imodzi, sayang'anana m'maso, ndipo akakumana panjira wina amapatuka. Bambo wa mkazi sangangodzuka n'kupita pakhomo pa mkamwini popanda chimene wapitira, anthu angati wamva fungo la ndiwo. Atate ankasunga zimenezi kuposa mmene ankasungira masiku osala kudya a kutchalitchi. Amuna anga nawo, ngakhale ankavala tayi ndi kuwerenga nyuzipepala ya Chingelezi, akangoona njinga ija ankavula chipewa, n'kunjuta patali, n'kuomba m'manja. Ine zonsezi ndinkazidziwa kuyambira ndili kamtsikana. Choncho sindinganame kuti chimene ndinachita ndinachita mosadziwa mwambo.

Koma pambaula malamulo ankafewa. Munthu amene ali pantchito palibe amamuimba mlandu woti wayandikira mpongozi wake. Atate ankamasula thumba okha, osalola wina kuligwira. Ankatenga makala awiri n'kuwagundanitsa pafupi ndi khutu la mwana wanga woyamba.

"Wamvela? Uyu ni mutondo," ankatero. "Malasha yabwino yalila monga nsimbi. Aya ya mu tauni yangopuma chabe."

Ankayala makala akuluakulu pansi, ang'onoang'ono pamwamba, n'kuyatsa ndi udzu wouma ndi tinkhuni. Palafini ankadana naye koopsa, ati nyama imanunkha nyali. Akatero ankakupiza ndi chivundikiro cha poto mpaka makala atayera phulusa pamwamba ndi kufiira mkati. Apo m'pamene amuna anga ankabwera ndi beseni la nyama n'kugwada tsidya lina la mbaula.

Kuyambira pamenepo, kwa maola awiri kapena atatu, amuna awiriwa ankacheza. Aliyense maso ake anali pamoto, ndipo ankalankhula ngati akuuza motowo.

"Uyu moto ukamba kuti nthiti izo zipindamuke," atate ankatero.

"Moto wakamba zoona," amuna anga ankayankha, n'kutembenuza nthiti.

Motero ankakamba za mvula, za ng'ombe zimene zinkafa ndi matenda kumudzi, za mpira wa pawailesi, za anthu amene anachotsedwa ntchito m'tauni. Atate ankasuntha makala amoto ndi zala zawo, osagwiritsa chopanira, ndipo ana anga awiri aakazi ankakuwa nthawi zonse ngati akuona koyamba. Nyama yoyamba kupsa inali ya anawo, agogo awo atayamba aiuzira. Ndinkamva atate akuseka ndili kukhitchini. Kumudzi, pamene ndinkakula, sindikumbukira kuti ankaseka chotero.

Panali zinthu ziwiri zimene zinkandivuta. Choyamba chinali chifuwa chawo. Atate anawotcha makala kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo utsi wa uvuni unawakhala m'chifuwa. Akatsika panjinga ankatsokomola nthawi yaitali atagwira chishalo, ife n'kumadikira kuti amalize tiwapatse moni. Chachiwiri ndinkachibisa ngakhale kwa ine ndemwe. Manja awo anali akuda mpaka m'mizere ya chikhatho, kuda kosachoka ndi sopo. Malaya awo a ulendo anali amodzi omwewo. Ine ndinali nditayamba kudziona kuti ndine munthu, mphunzitsi wokhala m'nyumba ya malata ndi makatani, ndipo ndinkachita manyazi ndi bambo wondibereka. Lero ndikutha kulemba zimenezi. Nthawi imeneyo mukanandifunsa ndikanakutukwanani.

Chowotchera nyama cha gasi chinabwera chokha, sitinachifune. Bwana wina wa kuntchito kwa amuna anga ankabwerera kwawo kunja, ndipo katundu amene sakanatha kunyamula anagawira anthu. Ife tinalandira chimenechi. Chinafika pagalimoto ya kuntchito, chakuda, chonyezimira, chokhala ndi matayala awiri, chivundikiro, ndi botolo lachitsulo la gasi lolumikizidwa ndi kapaipi. Woyendetsa galimoto uja anatisonyeza kayatsidwe kake. Anangopotoza kachitsulo, n'kukhwatcha machesi, moto wabuluu n'kuyaka mumzere wowongoka. Panalibe utsi ngakhale pang'ono. Ine mtima unandiuluka. Amuna anga anachiyang'ana, n'kuchikankhira m'chipinda chosungiramo makasu, ndipo chinakhala mmenemo milungu itatu.

Milungu itatu imeneyo tinakangana. Anthu amaganiza kuti m'banja wokonda zatsopano ndi mwamuna, koma kwathu wolimbikira gasi ndinali ine.

"Nyama ya pa gasi siimveka mukamwa," amuna anga anatero tsiku lina tikumwa tiyi. "Ni monga yokazinga mu pani."

"Imwe munaidya kuti?"

"Kwa bwana uja. Inapsa bwino, koma inalibe fungo."

"Fungo lanu ilo ndiye lili mu zovala zonse pa waya. Lili mu makatani. Bana bayenda ku sukulu banunkha utsi."

Anazunguliza supuni m'kapu nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga bapongozi?"

"Ndiye chamene nikambila!" ndinakweza mawu. "Mufuna bakafele pa njinga ndaba ya nthiti zanu? Simubamvela mwamene bakosomolela?"

Ndinawauzanso za mitengo, kuti ku Bundabunda phiri limene ndinkatolako bowa ndili mwana linatsala zitsa zokhazokha, kuti ife ophunzira tiyenera kukhala chitsanzo. Zonsezo zinali zoona, ndipo ndinkazinena ndi mtima wonse. Chimene sindinanene n'chakuti Loweruka la kutha kwa mwezi umenewo tinali titaitana anzawo a kuntchito atatu ndi akazi awo, anthu obwera pagalimoto. Sindinkafuna kuti adzapeze mbaula yotsamira panjerwa ndi nkhalamba yakuda manja ikukupiza moto ndi chivundikiro cha poto. Amuna anga ndi munthu wosakonda phokoso. Anangoti, "Ni batate banu, mudziwa ndimwe," n'kunyamuka kukakwera minibasi.

Unali mwezi wa Juni, kunja kukuzizira ndi kamphepo kaja kouma. Alendo anafika mofulumira. Ndinatulutsa mipando yonse ya m'nyumba, ndinayala nsalu patebulo, ndipo chowotchera cha gasi ndinachiimika pakati penipeni pa bwalo kuti aliyense achione. Amuna anga anachiyatsa. Azibambo aja anachizungulira, uyu kutsegula chivundikiro, uyu kufunsa kuti botolo limatha masiku angati. Nyama inali itayamba kale kulira pawaya pamene galu anathamangira kumsewu.

Atate analowa pabwalo akukankha njinga. Anaima, anatsokomola atagwira chishalo monga mwa nthawi zonse. Mmodzi wa azimayi aja, wovala magalasi akuda, anandikodola.

"Ba malasha bafika, simugula? Kapena manje muli pa gasi chabe?"

Anzake anaseka. Ine ndinachedwa kuyankha. Sikunali kuchedwa kwakukulu, mwina kupuma kuwiri, koma ndikudziwa kuti atate anakumva.

"Ni batate," ndinatero, mawu ali pansi.

Mayi uja anagwira pakamwa n'kupepesa. Amuna anga anali atavula kale chipewa, atanjuta pafumbi pamaso pa anzawo onse, akuomba m'manja. Iwo analibe manyazi ngakhale pang'ono. Atate anayankha moni, anatsamiritsa njinga kukhoma, n'kuyamba kumasula zingwe za thumba. Maso awo ankafunafuna mbaula. Ndinali nditaibisa kuseri kwa khola la nkhuku.

Ndinapita kukagwada pafupi nawo.

"Batate, lelo mupumule. Tapeza chowochela cha gasi. Sichifuna malasha."

Anasiya zingwe. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pachinthu chija, azibambo aja n'kuwapatsa njira. Anawerama kusuzumira pansi pa waya, anatsata kapaipi ndi maso mpaka kubotolo, kenako anatambasula dzanja pamwamba pa moto kuti amve kutentha kwake. Anakhala chotero kanthawi.

"Ni moto wabwino," anatero. "Ulibe utsi."

Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Panalibe choyala, panalibe chokupiza, panalibe chosuntha ndi zala. Mkamwini wawo anali chiimire pomwepo, mikono iwiri yokha kuchokera pamene anali, ndipo popeza ntchito panalibe, kuyandikana kumeneko kunasanduka kupanda ulemu. Ndinaona atate akuzindikira zimenezo. Anabwerera chambuyo, anatenga kampando kamatabwa kamene kanali pakhomo la khitchini, n'kupita kukakhala pansi pa mtengo wa gwafa kuseri kwa nyumba, atafulatira bwalo.

Ana anawatsatira, koma sanakhalitse. Ana a alendo anali atabwera ndi mpira wogula kusitolo.

Nyama inapsa mofulumira. Alendo anaiyamikira, ndipo ine ndinaseka kwambiri tsiku limenelo, kuseka kokweza kumene si kwanga. Ndinasankha nthiti zabwino n'kupita nazo kwa atate ndi madzi osamba m'manja. Anadya ziwiri. Zotsalazo anandipempha nyuzipepala kuti akulungire amayi. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni anali atanyamuka kale. Thumba analitsitsa n'kuliimika pakhonde, losamasula mutu.

Ndinawaperekeza mpaka kumsewu, ndipo pamenepo ndinanena mawu amene ndinali nditawakonza mlungu wonse. Ndinkawaona kuti ndi mawu a mwana wachifundo.

"Batate, musazivutika futi na njinga. Njila ni itali, chifuba chanu sichili bwino. Ise manje tili na gasi."

"Nanga ya mwezi wa mailo?" anafunsa, kunena thumba la mwezi wotsatira.

"Iyi saka yamene mwabweletsa izatikwanila chaka chonse. Ni yophikila nyemba chabe."

Anagwedeza mutu. Anapinda mwendo wa buluku, n'kuumanga ndi kachingwe kuti usakodwe m'tcheni.

"Chabwino, mwana wanga. Mubapatse moni bapongozi."

Anakwera njinga yopanda katundu n'kulunjika ku Chongwe. Ndinabwerera kwa alendo ndikudziuza kuti ndapulumutsa chifuwa cha bambo anga.

Loweruka lomaliza la Julayi sanabwere. Ndinati n'zimene ndinawauza, amvera. La Ogasiti sanabwere. Ana ankakhala pamsewu mpaka masana, kenako n'kulowa m'nyumba. Wamng'onoyo anandifunsa ngati agogo anakwiya, ine n'kumukalipira kuti akasambe. Pofika Seputembala ndinali nditakwiya ndine. Ndinkati munthu wamkulu wotani wonyanyala ngati mwana. Kodi ine ndinawaletsa kubwera? Ndinawaletsa katundu, osati ulendo. Akanatha kukwera basi n'kubwera kudzaona zidzukulu manja ali m'thumba ngati mmene amachitira makolo a anthu ena. Ndinalemba kalata n'kupatsira mayi wina wa kwathu amene ankagulitsa tomato pa Chongwe. Yankho linabwera la pakamwa, loti onse ali bwino, akupereka moni.

Amuna anga sanandinene. Anawotchera pagasi kawiri, ali okha chiimire pakati pa bwalo, akutembenuza nyama mwakachetechete. Ulendo wachitatu ndinawapeza atatulutsa mbaula kuseri kwa khola, akufunafuna njerwa yotsamiritsa mwendo. Anamasula thumba la atate lija. Moto unawavuta kuyatsa, anathira palafini, nyama n'kununkha nyali. Anadya osadandaula.

"Muyende ku munzi," anatero akutsuka waya.

"Sukulu ikavala."

"Ni Chibelu na Sondo chabe. Muyende." Ankatanthauza Loweruka ndi Lamlungu.

"Nakamba kuti sukulu ikavala!"

Sukulu si imene inkandiletsa. Ndinkafuna kuti atate ayambe ndi iwo kubwera, kuti zioneke kuti ine sindinalakwe. Ndili ndi mtima umenewo, ndinatengera iwo omwewo.

Ndinapita mu Disembala, mvula itagwa kale, sukulu titatsekera. Ndinakwera minibasi mpaka pa Chongwe, kenako lole yonyamula feteleza, kenako wapansi. Njira yonse ndinkakonza bodza. Ndinkati ndikawauza kuti chowotchera chija chawonongeka, gasi akusowa m'tauni, makala atithera, choncho atithandize ndi thumba kutha kwa mwezi. Motero iwo akanabwera, ine osapepesa.

Amayi ndinawapeza kumunda akupalira chimanga. Anaimika khasu n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Amayi anga sazungulira polankhula.

"Wabwela, mayi wa gasi."

Ndinagwada pamzere n'kupereka moni. Kenako, pofuna kuyamba bodza langa, ndinafunsa ngati atate ali ku uvuni.

"Uvuni uti?"

"Wa malasha."

Amayi anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

"Iwe, atate ako analeka kuwocha malasha zaka zitatu zapita. Nkhwangwa sakwanitsa. Utsi ukangowagunda agwa pansi. Sunadziwe?"

Sindinadziwe. Ndinafunsa kuti nanga matumba onse aja ankachokera kuti.

Anakhala pansi pamthunzi wa chulu, ine n'kukhala pambali pawo, ndipo anandifotokozera. Atate atalephera kudula mitengo anapita kwa anthu ena owotcha makala kuseri kwa phiri n'kuwapempha ntchito yomanga mitu ya matumba. Ndi ntchito ya munthu wokhala pansi, kuluka timitengo ndi luzi pamwamba pa thumba kuti makala asatayike panjira. Ankaluka mwezi wathunthu, ndipo malipiro awo anali thumba limodzi. Thumba limenelo ankadzaza okha, kusankha khala limodzilimodzi pa uvuni uliwonse, la mtondo lokhalokha, eni ake n'kumawaseka kuti mdala akusankha makala ngati akusankha mkazi. Ulendo nawo sunali wa tsiku limodzi monga ndinkaganizira. Ankanyamuka Lachisanu m'mawa, pazitunda zonse akukankha njinga, n'kukagona kwa msuweni wawo pafupi ndi Chongwe. Loweruka ankasamba, n'kukwera njinga chigawo chotsalacho kuti akafike kwanga ali pachishalo.

"Ine n'nawaletsa kangati," amayi anatero. "N'nati muzafela pa msewu. Iwo ati, nanga bana nizabaona bwanji? Pa nyumba ya bapongozi nizangofika monga galu? Ija saka ndiye inali chitseko chawo. Iwe unatseka."

"Ine n'nafuna kuti apumule."

"Apumula. Yenda ukawaone mwamene apumulila."

Anatenga khasu n'kubwerera pamzere. Sanandiperekeze.

Atate anali pakhonde la nyumba, atakhala pamphasa, atatsamira khoma, miyendo atafunda bulangete ngakhale kunja kunali kotentha. Anali atachepa. Atandiona nkhope yawo inawala, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mawu a amayi. Ndikanakonda akanandikalipira. Anafunsa za ana, mmodzimmodzi, ngati wamkulu anakhoza mayeso, ngati wamng'ono mano akutsogolo anamera. Anafunsa za apongozi awo, amuna anga. Ndinayankha zonse. Njinga inali m'khitchini, ndinkaiona pakhomo, matayala onse awiri ataphwa, nkhuku itaikira mazira pansi pake.

Ngakhale nditamva zonse zija, ndinanenabe bodza langa. Sindinkadziwa njira ina yoyambira.

"Batate, chija cha gasi chinaonongeka. Malasha yasila. Tifuna saka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Atate sankakonda kuyang'ana munthu m'maso, koma tsiku limenelo anandiyang'ana.

"Usaname, mwana wanga. Chija chinthu n'nachiona, ni cholimba. Chizakhala kupambana ine na iwe."

Ndinaweramitsa mutu.

"Ngati wanisowa, kamba chabe kuti wanisowa."

Kwathu mwana wamkazi sanena mawu otero kwa bambo ake. Ndinali ndi zaka zoposa makumi atatu ndipo ndinali ndisanawanenepo. Koma tsiku limenelo ndinawanena.

"Nakusowani, batate. Bana bakusowani. Na bapongozi banu bakusowani. N'nalakwa."

Ndinalira pamenepo, kulira kwenikweni kwa mamina, ine mphunzitsi wa makatani. Iwo anadikira mpaka nditamaliza. Kenako anagwira nsonga ya bulangete n'kuikoka pang'onopang'ono.

Miyendo yawo inali yotupa kuyambira m'mawondo mpaka kuzala, khungu lonyezimira ngati lapakidwa mafuta. Anadina ndi chala pamwamba pa phazi, ndipo pamene anadinapo panatsala kadzenje.

"Pamene n'nali kuyenda mwezi na mwezi, inali kumvela," anatero. "N'takhala pansi, nayo inakhala pansi. Inamva kuti nchito yasila."

Sindikudziwa ngati kukhala pansi ndi kumene kunatupitsa miyendoyo. A chipatala, titapita nawo pambuyo pake, anati ndi mtima umene unatopa chifukwa cha chifuwa, ndipo zikanachitikabe. Amuna anga akhala akundikumbutsa mawu amenewo kambirimbiri. Ine ndimawamva, koma sanandithandizepo.

Ndinawauza atate kuti njinga ilibe kanthu. Ndinati amuna anga akabwereka galimoto ya kuntchito, tidzawatenga pakhomo pomwepo, adzakhala pampando wakutsogolo. Ndinati chowotchera cha gasi ndikachipereka kwa anthu, kapena ndikachiponya m'dzenje, mbaula idzabwerera pakati pa bwalo. Makala tidzagula panjira, iwo adzasankha okha. Ndinalankhula zambiri, mofulumira, ngati wogulitsa zovala za salaula pamsika.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatukula manja awo kuti ndiwaone. Ankanjenjemera, zala zitatupa, zosatha kupinda bwino. Kuda kuja kunali kutayamba kusuluka.

"Kugwada pa mbaula sinikwanitsa. Kukupiza sinikwanitsa, mpweya ulibe. Malasha yazakhala yogula imwe, motoka ya bapongozi, nyama ya bapongozi." Anapumira kaye. "Manje ine nikabwela, nizachita chani?"

"Muzangonkhala, batate. Muzaona bana."

"Kunkhala chabe, pa nyumba ya bapongozi, kulindila mbale?"

Anapukusa mutu, mofatsa, ngati akukana tiyi wachiwiri. Ndinafunafuna m'mutu mwanga ntchito ina iliyonse imene ndikanawapatsa pakhomo panga, ngakhale yonamizira, yoti munthu wa miyendo yotupa ndi manja onjenjemera angaigwire n'kunena kuti ndi imene wadzera. Sindinaipeze tsiku limenelo. Ndinaifunafuna miyezi yonse yotsatira, pamene ndinkapita ndi ana ku Bundabunda kutha kwa mwezi uliwonse, amuna anga atanyamula mbaula yaing'ono ndi nyama m'chikwama. Kumeneko amuna anga ankawotchera kuseri kwa nkhokwe, poti pakhomo pa apongozi mkamwini sayandikira khonde, ndipo atate ankangomva fungo ndi kufunsa ana ngati moto wayera phulusa.

Anamwalira nyengo yozizira yotsatira, asanapondenso pabwalo panga.